Akatumbu a ku Walvis Bay ndi Ndiwo za ku Kanyama

 Ndilankhula nanu pa wailesi, inu madalaivala a malole amene mwagona m'mayadi a ku Heavy Industrial Area mu Lusaka, kudikira kuti katundu athe kulongedwa ndi kuti mapepala a pamalire asainidwe. Nkhani ya lero ndi yanu makamaka, ngakhale kuti ikhudzanso aliyense amene anadyapo nsima ndi nsomba ya m'katoni.

Munthu akaima m'mbali mwa Mungwi Road kapena Lumumba Road m'bandakucha, fumbi lisanayambe kubuka ndiponso antchito asanadzaze m'zipata za mafakitale, adzaona malole aatali oyera, a mafiriji olira usana ndi usiku, akukhotera m'mipanda ya nyumba zoziziritsira katundu. Ndipo akatsata makatoni otsitsidwa m'malolemo, adzawaona akupita ku msika wa Soweto, kuchoka apo n'kubalalika pa mawilibala ndi m'maminibasi kufikira atafika pa kantemba ka m'komboni, pamene mayi, atawerenga bwino timakwacha take, agula nsomba ziwiri kapena zitatu kuti ana asagone ndi njala. Nsomba zimenezo, zimene ife kuno timati makerele ndipo abale athu a ku Malawi ndi ku Tete amati karapau, zochuluka zimavuulidwa m'nyanja ya Atlantic, kugombe la dziko la Namibia, n'kutsitsidwa pa doko la Walvis Bay. M'madzi omwewo mumakhala nyama ina yaubweya, yoyamwitsa ana ake, yopuma mpweya monga ife, imene moyo wake wonse udalira nsomba za m'nyanjayo, ndiyo katumbu wa m'nyanja yamchere, amene Angerezi amati seal. Ife ndi iye sitinaonanepo maso, komatu tidya za m'madzi amodzi, ndipo pali mlandu umene anthu amuimba chifukwa cha nsomba zomwezo. Tiyeni tipite tikamuone kwao, tisanaweruze.

Njira yake madalaivala mukuidziwa kuposa ine. Kuchoka mu Lusaka mutsika ndi msewu wa Kafue, kudzera ku Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo mpaka ku Livingstone. Apo mukhotera kumadzulo, kupyola Kazungula, m'ndime ija imene yakhala ikuliritsa matayala ndi misana ya anthu zaka zambiri, kufikira Sesheke, pamene mlatho wa Katima Mulilo, wautali pafupifupi mamita 900, umene a Levy Mwanawasa ndi a Sam Nujoma anautsegula mu May 2004, ukuolotsani Zambezi. Tsidya lija muli Rundu, Grootfontein, Otjiwarongo, Karibib ndi Usakos, mitengo inkerankera kufupika, udzu unkerankera kutha, mpaka patsale mchenga wokhawokha. Ndipo mutayenda makilomita opitirira 2,000, mphepo yozizira ikuuzani kuti Swakopmund ndi nyanja zili pafupi. Walvis Bay ali kumwera pang'ono. Doko limeneli linatsalira m'manja mwa South Africa ngakhale pamene Namibia analandira ufulu mu 1990, ndipo linabwezedwa kwa eni ake pa 1 March 1994. Lero dziko la Zambia lili ndi malo akeake osungira katundu kumeneko, ndipo mkuwa wathu umatulukira pomwepo pamene nsomba, mchere ndi magalimoto zikulowera kuno.

Chodabwitsa cha dziko limenelo n'chakuti kumtunda kuli chipululu cha Namib, kumene mvula ndi mlendo wa kamodzikamodzi, pamene m'madzi muli chuma chosawerengeka. Ndipo zonse ziwiri zichokera ku chinthu chimodzi. Kuchokera kumwera kumabwera mtsinje wa madzi ozizira woyenda m'kati mwa nyanja, umene amautcha Benguela. Mphepo ya kumwera ikamaomba motsata gombe, imakankhira madzi apamwamba kunja, ndipo madzi apansi, ozizira ndi odzala chonde, amakwera kudzalowa m'malo mwake. Chonde chimenecho chikakumana ndi dzuwa chimameretsa tizomera tosaoneka ndi maso, tizomerato tidyetsa tizilombo, tizilombo tidyetsa nsomba, ndipo nsomba zidyetsa mbalame, akatumbu ndi anthu. Koma madzi ozizirawo sapereka mitambo ya mvula. Apereka nkhungu yokha, imene imakuta doko m'mawa, kotero kuti munthu wochokera ku Chawama m'mwezi wa October, atazolowera thukuta, amadabwa kudzipeza akufuna jekete pakati pa chipululu.

Tsono dalaivala akafika, katundu sapezeka tsiku lomwelo. Pali kudikira sitima, kudikira mapepala, kudikira mzere wa pachipata. Ndipo masiku amenewo ambiri amawathera m'kabini, akusewera pa foni kapena kuwerenga ndalama za pamsewu zimene zikuchepa. Komatu kufupi ndi doko kuli gombe laling'ono pamene maboti a alendo amanyamuka m'mawa uliwonse nyengo ikalola, kupita ku Pelican Point, lilime lalitali la mchenga limene limatchinga doko ku mafunde a nyanja yaikulu, ndipo kufupi ndi nsonga yake kuli nsanja ya nyali younikira sitima imene inamangidwa mu 1932. Ulendo wake ndi wa maola atatu kapena kupitirirapo pang'ono. Boti likangochoka, mavuwo oyera a milomo yaitali amalitsatira, ena n'kutera padenga mopanda manyazi, poti anazolowera kuponyeredwa nsomba. Mudutsa sitima zazikulu zoima chiimire, mudutsa mizere ya migolo yoyandama pamene amaweta nkhono za oyster, ndipo mwayi ukakhala wanu mudzaona ma dolphin akuthamanga m'mphepete mwa boti, ena mwa iwo a mtundu waung'ono wa Heaviside umene supezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi koma kugombe limeneli la kumwera chakumadzulo kwa Africa. Nthawi zina katumbu mmodzi wolimba mtima amakwera m'boti momwemo, kudzikoka pamakwerero ndi zipsepse zake, madzi ali chuchuchu, n'kukhala pakati pa alendo kudikira mphoto yake. Alendo amasangalala nazo zimenezi, ndipo zithunzi zimajambulidwa zambiri. Ine ndiona kuti katumbu wopemphayo si amene munthu wapitira kukaona, pakuti nyama yophunzitsidwa kupempha yasiya kale mbali ina ya ufulu wake. Eni mudzi ali patsogolo.

Mudzi wawo mphuno imaudziwa maso asanauone. Fungo la nsomba yovunda, ndowe ndi mafuta limakuchingamirani pamadzi, ndipo akale ananena kuti pagona tonde padzinunkha. Kenaka likubwera phokoso, limene munthu wa kumudzi atatseka maso angalumbire kuti wafika pa khola la mbuzi ndi nkhosa zikwizikwi zimene mbusa waiwala kutsekulira. Pakuti ana amalira mee, mee, amayi awo amayankha ndi mawu aakulu, ndipo amphongo amabangula mozama. Nkhungu ikayamba kung'ambika, chimene munkayesa miyala yakuda pamchenga chiyamba kugwedezeka, ndipo muzindikira kuti gombe lonse ndi lamoyo. M'madzi namonso ali mbwee, ena akudumpha, ena akuzungulira pansi pa boti, ena atagona chagada chipsepse chimodzi chili m'mwamba, kumene kuli kusintha kutentha kwa thupi pogwiritsa ntchito mphepo ndi dzuwa.

Apa mpamene ndikupemphani kuti muike foni m'thumba kwa kanthawi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukadekha muona kuti katumbuyu ali ndi timakutu tating'ono tosongoka, ndi ndevu zazitali zolimba zimene amamvera nazo kugwedezeka kwa madzi posaka mumdima. Muona kuti amatha kupindira zipsepse zakumbuyo kutsogolo n'kuyenda pamchenga ndi zonse zinayi, mopepera ndithu, koma mwaliwiro loti munthu wosasamala angapezedwe. Muona kuti ubweya wake ndi wa mitundu iwiri, wakunja wokhakhala ndi wam'kati wofewa ndi wothithikana, umene umasunga mpweya kuti madzi ozizira asafike pakhungu. Wamphongo wamkulu amatalika kupitirira mamita 2 ndipo amalemera makilogalamu 200 mpaka 300, mwinanso kuposa apo akanenepa. Wamkazi ndi wochepa kwambiri, kawirikawiri osafika makilogalamu 100. Pamtunda ndi wolemera ndi waphokoso, koma akangolowa m'madzi ulesi wonse umatha, ndipo amatha kumira mamita pafupifupi 200 kutsata nsomba ndi mpweya umodzi.

Chaka chawo chili ndi dongosolo lake. M'mwezi wa October amphongo amatuluka m'nyanja atanenepa, aliyense n'kudzilembera malire pamchenga, ndipo malirewo amawateteza ndi mano, osapita kukadya kwa masabata angapo, kuopa kuti mnzake angalowe m'bwalo lake. Akazi amafika pambuyo, ali ndi pakati, ndipo chakumapeto kwa November ndi m'December aliyense amabala mwana mmodzi, wakuda bii, wolemera makilogalamu 5 kapena 6. Pasanathe sabata mayiyo amatenganso pathupi, koma mbewuyo imagona m'mimba miyezi ingapo isanayambe kukula, kuti mwana wotsatira adzabadwe nyengo yomweyo chaka chamawa. Ndipo chimene chimandigwira mtima koposa ndi ichi: mayi ayenera kusiya khandalo pakati pa makanda anzake zikwi zambiri, onse akuda, onse olira mofanana m'makutu athu, n'kupita kunyanja masiku angapo kukasaka kuti mkaka ubwere, pobwera amatuluka m'mafunde akuitana, mwana amayankha, ndipo awiriwo amayenda m'chipwirikiti chonsecho motsogozedwa ndi mawu kufikira atakumana, mayi n'kumununkhiza kuti atsimikize, pakuti wa mnzake samuyamwitsa. Mayi akachedwa, kapena akafera kunyanja, nkhandwe ndi afisi a m'chipululu, amene amazungulira m'mphepete mwa mudziwo usiku ndi m'mawa, amadziwa chochita.

Amene ali ndi nthawi ndi galimoto yaing'ono angathe kupitirira kumpoto kwa Swakopmund, makilomita opitirira 100, kukafika ku Cape Cross, kumene mmalinyero wa Chipwitikizi Diogo Cão anaimika mtanda wamwala cha m'ma 1486, mtanda umene Ajeremani anauzula mu 1893 n'kudzaubweza mu 2019. Kumeneko akatumbu amachuluka kuposa 100,000 m'nyengo yobereka, ndipo amaonedwa munthu ali pamtunda. Onse pamodzi, kuyambira kumwera kwa Angola, kutsika ndi gombe la Namibia, kuzungulira Cape Town mpaka ku Algoa Bay, akatswiri amati alipo pakati pa 1.5 miliyoni ndi 2 miliyoni, ndipo ochuluka ali ku Namibia.

Chiwerengero chimenecho ndicho chiyambi cha mlandu. Asodzi amati nyama zochuluka chotere zimadya nsomba zimene zikanadyetsa anthu ndi kupatsa anthu ntchito, zimang'amba maukonde, ndipo zimaba nsomba pa mbedza. Ndipo mawu awo sindiwapeputsa, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiponso n'zoona kuti katumbu amadya makerele aang'ono ndi nsomba ya hake pamodzi ndi zina. Pa chifukwa chimenechi, ndiponso chifukwa cha malonda a zikopa ndi mafuta, boma la Namibia limalola kupha akatumbu chaka ndi chaka kuyambira July mpaka November, ana ndi zibonga, amphongo ndi mfuti; kwa zaka zambiri chilolezo chinali cha ana 80,000 ndi amphongo 6,000, ngakhale kuti ophedwadi akhala ochepera apo kuyambira pamene msika unafooka, maiko a European Union ataletsa malonda a zinthu zochokera ku nyamazi mu 2009. South Africa inasiya kupha kotereku mu 1990. Sindili m'gulu la iwo amene amalira katumbu ali ndi nyama ya ng'ombe m'kamwa, ndipo dziko losauka lili ndi ufulu wopindula ndi zimene Mlengi analipatsa. Koma mlandu ukaimbidwa, mboni zonse ziitanidwe, ndipo mboni yoyamba ndi mbiri.

Akatumbu akhala pagombe limenelo kuyambira makedzana, ndipo nsomba sizinathe. M'zaka za m'ma 1960 nyanja ya Namibia inali ndi nsomba ya sadini, imene ena amati pilchard, yochuluka kotero kuti Walvis Bay anadzaza ndi mafakitale oika nsomba m'zitini ndi ogaya nsomba kukhala chakudya cha ziweto. Kunafikanso sitima zikuluzikulu zokhala ndi fakitale m'kati mwake, ndipo mu 1968 mokha anavuula matani pafupifupi 1.4 miliyoni a sadini. Zaka khumi zisanathe bwino nsombayo inagwa, mafakitale anatsekedwa, anthu anachotsedwa ntchito, ndipo kufikira lero sinabwerere mwakale, kotero kuti mu 2018 boma linaletseratu kugwira sadini. M'zaka zomwezo, dziko lisanalandire ufulu ndipo nyanja ilibe mwini woilondera, sitima za ku Spain, ku Soviet Union ndi maiko ena zinali kukokolola hake usana ndi usiku. Amene anadya sadini wa mu 1968 sanali ndi zipsepse. Katumbu, chakudya chake chamafuta chitatha, anatembenukira ku kansomba kowonda ka pansi pa nyanja kotchedwa goby, kamene kamadzaza mimba koma sikanenepetsa. Ndipo pamene madzi asintha, njala imamugwera msanga. Mu 1994 anafa ochuluka zedi ndi njala, ndipo mu October 2020, pa Pelican Point pomwepo pamene maboti amaima, panapezeka ana opitirira 5,000 amene amayi awo, owonda mafupa okhaokha, anapita nawo padera.

Mboni yachiwiri ndi yaposachedwa, ndipo ikhudza makerele athu enieniwo. Boma la Namibia limaika malire a makerele oyenera kugwidwa pachaka, amene m'zaka zambiri zapitazi akhala pafupi ndi matani 300,000, n'kugawa zilolezo kwa makampani. Mu November 2019 kunatuluka zikalata za nkhani imene inatchuka ndi dzina loti Fishrot, zonena kuti kampani ya ku Iceland yotchedwa Samherji inkapereka ziphuphu kuti ipeze zilolezo za makerele; nduna ya zausodzi a Bernhard Esau ndi nduna ya zachilungamo a Sacky Shanghala anatula pansi maudindo awo, n'kumangidwa ndi kuimbidwa milandu. Kuweruza anthuwo ndi ntchito ya makhoti, si ya wailesi ino. Changa ndi chakuti, pamene mtengo wa katoni ukwera ku Soweto ndipo nsomba za m'katonimo zioneka zazing'ono kuposa kale, tisafulumire kukhulupirira kuti wakuba ndi uja wogona pamchenga, amene alibe loya ngakhale mneneri. Mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo katumbu, poti ndi wonunkha ndi waphokoso ndiponso amaoneka ndi maso, wakhala wosavuta kumuloza chala kuposa sitima yogwira nsomba usiku kutali ndi gombe.

Pali chinthu chinanso chimene mudzachiona mukayang'anitsitsa, ndipo ichi chikhudza ife onyamula katundu. Pakati pa khamu la akatumbu mudzapeza ena ali ndi chilonda chofiira chozungulira khosi. Katumbu wamng'ono ndi wokonda kusewera. Akaona chingwe cha mbedza, chidutswa cha ukonde, kapena lamba wapulasitiki uja womangira makatoni akuyandama ali chizungulire, amalowetsamo mutu, ndipo poti ubweya wake unagonera kumbuyo, chingwecho chimalowa koma sichituluka. Iye akukula, chingwe sichikula, ndipo chimadula khungu ndi mnofu pang'onopang'ono kwa miyezi. Ku Walvis Bay kuli kagulu kotchedwa Ocean Conservation Namibia, kotsogozedwa ndi a Naude Dreyer, kamene anthu ake amathamangitsa akatumbu otere pamchenga ndi ukonde wapadera, kuwagwira, kudula chingwecho n'kuwamasula, ndipo apulumutsa kale zikwi zingapo. Lamba wotayidwa ku Soweto safika ku Atlantic, iye amangotseka ngalande zathu n'kudzetsa chigumula ku Kanyama, umene ndi mlandu wina wa tsiku lina. Koma lamba wotayidwa pa doko, kapena m'mbali mwa msewu wa pakati pa Swakopmund ndi Walvis Bay, mphepo imamutengera m'madzi tsiku lomwelo. Kumudula ndi mpeni asanatayidwe ndi ntchito ya kamphindi.

Tsono wina afunsa kuti, kodi munthu wa malipiro a udalaivala, wokhala ndi lendi ku Matero ndi fizi ya ana, ali ndi chifukwa chanji chotayira ndalama pa ulendo wa alendo olemera? Mtengo wake si wochepa, ndipo sindingauze munthu kuti achotse pakamwa pa ana. Koma ndinena kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti munthu afike pagombe la Atlantic kambirimbiri, n'kubwerako atadziwa chipata cha doko ndi mzere wa dizilo basi, pamene anthu amalipira ndege kuchokera ku Germany kudzaona zimene zili pamphuno pake. Mungathe kusonkherana, kupita mmodzi ulendo uno, wina ulendo wamawa. Abale athu a ku Malawi amene amakhala ku Imizamo Yethu, ku Hout Bay kufupi ndi Cape Town, nawonso ali ndi mwayi womwewo, pakuti pa doko lawo pamanyamuka maboti opita ku Duiker Island, ulendo wosafika ola limodzi.

Amene mudzapite, sungani mawu awa. Nyengo yoona makanda ndi kumapeto kwa November mpaka January, ngakhale kuti akatumbu amakhalapo chaka chonse. Tengani jekete ndi chipewa, pakuti pamadzi pamazizira ngakhale m'chilimwe, ndipo amene mutu umamuzungulira m'boti adye pang'ono asanakwere. Musadyetse katumbu ndi dzanja lanu ndipo musamugwire, angaoneke wofatsa bwanji, pakuti mano ake ndi aatali, ndiponso mu 2024 madokotala a ziweto ku South Africa anatsimikiza kuti matenda a chiwewe alowa pakati pa akatumbu a kugombe la Cape. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Mukakhala pamtunda musaime pakati pa iwo ndi madzi, ndipo mwana amene mwamupeza yekha musamunyamule, mayi wake ali kunyanja ndipo abwera. Muyende bwino pamsewu wa Sesheke, madalaivala, ndipo malamba a makatoni muziwadula musanawataye.